Chifunga pa TV ya a Longwe

Aka kanali kachitatu bamboyo kugwada kuseri kwa TV, ndipo a Greyson Longwe anali atatsimikiza kuti za zingwe sadziwa kanthu.

TV-yo inachokera ku Joni, mphatso ya mwana wawo Masuzgo. Chinali chimphona cha mainchesi 65, cha 4K, chomwe amati chimaonetsa ngakhale thukuta la pamphuno pa wosewera mpira. A Longwe anali atadandaula chaka chathunthu kuti yakale ija yatopa, zithunzi zikungochita chifunga. Yatsopanoyi itatsika minibasi ya ku Mzuzu, anthu anaiperekeza ngati mkwatibwi mpaka kunyumba kwawo ku Chikale. Koma itayatsidwa, chifunga chinali pomwepo.

Masuzgo pafoni anati mwina vuto ndi kalumikizidwe. Dekoda, masipika ndi DVD, chilichonse chili ndi chingwe chake ndi bowo lake, choncho apeze munthu wodziwa. Phoebe, mkazi wa a Longwe, ndiye anati munthu wotereyo akumudziwa. Anabwera naye Lolemba. Dzina lake Edwin, bambo wa zaka za m'ma fote, wolankhula mofatsa.

A Longwe anagwira ukalaliki paboma zaka makumi atatu, ndipo amisiri anawaona amitundumitundu. Mmisiri amabwera ndi chikwama cholira zitsulo, amanunkha thukuta, amapempha madzi akumwa. Uyu ankabwera chimanjamanja, nsapato zikulira kho kho kho pasimenti, mafuta ake akununkhira mpaka kukhitchini. Tsiku loyamba analimbana ndi chingwe cha HDMI mphindi makumi awiri, kenako anavomera yekha kuti amachilowetsa chozondoka. Tsiku lachiwiri anazimitsa masipika osadziwa, n'kufunsa Phoebe kuti rimoti yake ndi iti. Mmisiri kufunsa mayi wa kaunjika za rimoti!

Ntchito imene ankaitha bwino inali ya pakamwa. Ankafunsa ngati a Longwe akuwerenga mawu oyenda pansi pa nkhani aja. Ankawasendezera mpando kutsogolo, n'kufunsanso. Akatero ankatuluka ndi Phoebe pakhonde, kumakanong'onezana kwa nthawi yokwana kuwiritsa chinangwa.

Nsanje inawadya a Longwe, tisabise. M'nyumba mwawomo chilichonse chimatha kulakwa kupatula iwo, ndipo zoti mwina akuganiza molakwa sizinawafike n'komwe m'mutu. Phoebe ndi wamng'ono kwa iwo ndi zaka khumi ndi zisanu. Pamsika pamene amagulitsa kaunjika, amuna ena amagula malaya amodzi koma kucheza ola lathunthu. Zaka zonsezi a Longwe sanamukayikirepo. Koma miyezi imeneyi mkaziyo anali atasintha. Anasiya kukangana nawo. Tiyi ankathira yekha n'kuwaikira kapu m'manja. Popita kutchalitchi ankawagwira mkono pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale ali pachibwenzi. A Longwe ankadziwa kuti mkazi akayamba kukoma mtima modzidzimutsa, pali chimene akukwirira.

M'mawa wa tsiku lachitatuli anali ataimbira mlamu wawo ku Chintheche kuti akonze malo, mlongo wake akubwera ndi katundu. Banja la zaka makumi atatu ndi ziwiri linali litatsala pang'ono kutha, ndipo mtima unkawapweteka kwambiri, chifukwa Phoebe ankamukonda.

Edwin anatuluka kuseri kwa TV atagwira katochi. Anati akufuna aone mmene kuwala kukubwererera m'chipindamo. Koma m'malo mounika TV, anawerama n'kuunika a Longwe kumaso, mbali iyi kenako inayo, pafupi kwambiri moti mafuta aja anawalowa m'mphuno. Mwini nyumba, mkulu wa mpingo, kuunikidwa ngati mbava yogwidwa m'khola la nkhuku! Phoebe anali chilili pambali osatsutsa.

Kenako a Longwe anamva Edwin akutsitsa mawu, kuuza Phoebe kuti ndi zomwe ankakambirana zija, ndipo sabata yamawa zitheka. Makutu awo ndi akuthwa, sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

Anadzuka. Anapapasa pakhoma, n'kuzula pulagi. Chimphona chija chinangoti zii.

"A Nyamanda, kalongedzeni. Mchimwene wanu akukudikirani," anauza Phoebe, pomutchula dzina la kwawo. "Ndipo inu achimwene, mundiuze mkazi wanga ali pompano. Mumadzatani pakhomo panga? Za TV simudziwa. Mwana wa sitandade wani angakuposeni."

Phoebe anayamba kulankhula, koma anamudula. Anati iye adzayankha kwa ankhoswe, pano ayankhe mlendoyu.

Edwin anazimitsa katochi kake. Sanathawe, sanakwezenso mawu.

"Zoona ada, za TV sindidziwa," anatero. "Ine ndine dokotala wa maso. Amayi akuti kuchipatala mwakana kanayi konse, ndiye anandipempha kuti ndibwere motere. TV yanu ikuonetsa bwino kuposa iliyonse imene ndinaionapo. Chifungacho ndi ng'ala, ada, maso onse awiri."

A Longwe anatembenukira kwa Phoebe, yemwe anali mapazi atatu okha kuchokera pomwe anaima, ndipo sanathe kuona ngati akulira kapena akuseka.