Watalu ya Aphunzitsi Geresomo

Aphunzitsi Geresomo anandandalika nthangala za masau pakhonde, mizere iwiri yoyang'anizana. Uku Afalansa, uku Angerezi. Zaka makumi atatu anaphunzitsa nkhondo ya ku Watalu kusekondale, koma chipumireni pantchito wowamvera anali mkazi wawo Otilia yekha, nayenso ankamvera uku akuwodzera. Otilia anamwalira chaka chatha. Nyumba inangoti zii, ndipo kusungulumwa kunkawadya mkuluyu.

Tsikuli akuchikazi ankabwera kudzawasudzula. Mkamwini ndi mkamwini basi, ngakhale akhome malata ndi manja ake: mkazi akapita, nayenso azinyamuka. Koma anyamuke kupita kuti? Kwawo kwa Ndamera madzi anakokolola mudzi, owadziwa onse anabalalika.

Komabe mantha analibe. Mwana wawo Rodgers, wogwira ntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo, analonjeza kuti afika. Pafoni anachita kufunsa ngati denga likudontha, ngati loko wa pachitseko akadali wolimba. Mwana wosamala chonchi angalole bambo ake atayidwe ngati chikwanje chobuntha?

Aphunzitsi anasuntha nthangala zingapo. Mu 1815 Napoliyoni, mfumu ya Afalansa, anadikira kuti matope aume asanayambe nkhondo, nthawi n'kumuthera. Masana kum'mawa kunatulukira chigulu cha asilikali. Iye ankayembekezera ankhondo ake amene anawatuma kukapirikitsa adani, koma anali a ku Prussia, odzathandiza Angerezi. Pofika madzulo ufumu wake unali utagwa, nkhondo za zaka makumi awiri za ku Ulaya n'kuthera pomwepo. Aphunzitsi ankakonda kumuseka mkuluyo m'kalasi chifukwa chowerengera thandizo asanaone mbendera yake.

Alamu awo a Kalisto anafika ndi abale atatu, nakhala pamphasa pansi pa msawu. Moni anali wozizira. Posakhalitsa kumsewu kunabuka fumbi, njinga yamoto n'kuima pabwalo. Anali Rodgers. Mtima wa aphunzitsi unakhala m'malo. Anakankhira nthangala pambali, kumukonzera malo pakhonde.

Rodgers anagwada, napereka moni mwaulemu. Kenako anadzuka n'kukakhala pamphasa, pambali pa amalume ake.

"Bambo, za katundu musadandaule, ngolo ndapeza kale," anatero maso ali pansi. "Ine ndi mkazi wanga tilowa m'nyumbayi Loweruka."

M'thumba la malaya ake munkasuzumira loko watsopano.