Njovu Seveni M'munda wa Zebron

"Bwerezaninso, bambo, simukulira bwino," anatero Lillian, wotsogolera filimu.

Zebron anapukuta thukuta. Kuyambira m'mawa anali atavala chiguduli m'mphepete mwa mtsinje wa Luangwa ku Nkwali, akusewera ngati mlimi wa m'chaka cha njala kalekale. Filimuyo inali ya anthu awiri amene amabwerera m'nthawi zakale, koma gawo limeneli linalibe zodabwitsa. Anthu awiriwo ankangoyenera kuima n'kumaonerera mlimi akuvutika, osamuthandiza.

Akupuma, foni yake inalira. Anali Dora, mkazi wake, kumudzi.

"Bambo a Benji, njovu zalowa m'munda wa chimanga. Zilipo seveni. Ndamenya zitini mpaka manja atupa, sizikusuntha."

"Musaziyandikire! Ndikubwera."

"Mudzapeza chiyani? Theka latha kale."

Kumudzi kunali ulendo wa maola atatu pa njinga. Zebron anaika foni pambali. Lillian atamuitananso kuti abwereze, Zebron anagwada pamchenga, misozi n'kuyamba kutsika yokha mpaka mapewa kugwedezeka.

Lillian anaomba m'manja.

"Mwakhoza, bambo! Anthu akale ankalira choncho. Mwayi wathu ife, mavuto amenewa anapita."