Uthenga wa Mano a Mwana

Foni inanjenjemeranso m'thumba, ndipo mayi woluka tsitsi anakoka mwamphamvu mpaka kasitomala anakuwa. "Asisi, mundizula mutu!"

Pawailesi ya m'saluni anthu ankatsutsana za lamulo latsopano loteteza zinsinsi. Kasitomalayo analiikira kumbuyo. "Pano kampani ikasunga nambala yako, umangoiuza kuti ifufute. Basi, nkhani yatha."

"Ndinawauza, anafufutadi," anatero wolukayo, zala zikuthamanga. "Koma anali atagulitsa kale kwa anzawo, anzawowo kwa anzawonso. Lamulo lanulo likagogoda khomo liti?"

Nambalayo anaipereka yekha ali woyembekezera, akumwetulira, m'sitolo ya zovala za makanda. Khanda lake linabadwa osalira, litamwalira kale. Tizovalato tidakali m'sutikesi pansi pa bedi.

Foni inanjenjemeranso.

"Tayankhani, mwina ndi bambo akunyumba."

Wolukayo anapukuta mafuta m'manja n'kuitulutsa. Unali uthenga wa amalonda: "Moni mayi! Mwana wanu ayenera kuti wayamba kumera mano. Tili ndi zidole zofewa zoti aziluma."

Anaima chilili, chipeso chili m'manja. Amalondawo anali anthu oti sanamuonepo n'komwe, koma mwezi womwe mwanayo akanamera mano sanauphonye.