Nsanamira Yogogoda

Inagogodanso. Gu, gu, gu. Delfina anataya lichero n'kuthawira panja, kamwana kake Zélia kali kumsana.

Linali tsiku lachitatu nyumba ikulira chonchi, chiyambire chimvula cha Lolemba chomwe chinagumula gombe la chigwembe kuseri kwa nyumbayo. Nsanamira yapakati, yonyamula mtanda ndi denga lonse, inali itada ndi chinyontho ndipo inali itatitimira. Aliyense wosuzumira ankanena chimodzimodzi: mtengo wawola, ukuthyoka pang'onopang'ono, tsiku lililonse malata awaphwanya.

Mantha anali atamudya Delfina, koma mkwiyo nawo unalipo. Mwamuna wake Leonel anachoka Lolemba lomwelo m'mamawa, ati kukagula misomali kutauni ya Fíngoè, njinga n'kuisiya pakhonde. Mvula ikagwa kwawo ku Chiputo msewu umafa, choncho kusabwera kwake sikunadabwitse munthu. Chomutonthoza Delfina chinali chimodzi: bamboyo sanali kumaenje a golide. Analumbira pamaliro a mlamu wake, yemwe anakwiririka m'dzenje, kuti sadzakumbanso. Munthu wamantha Leonel! Ngakhale kuchigwembe ankaletsa mkazi wake kufikako, ati kuli njoka za mamba.

Dzuwa litakwera anafika a Baltazar, mmisiri wa matabwa, atasenza mitengo iwiri ya tsanya. Anachirikiza nayo mtanda uku ndi uku, kenako anabaya nsanamira ndi mpeni. Kumwamba inali gwa. Kumunsi mpeni unalowa ngati m'mbatata yophika.

"Komadre Delfina, denga lanu silidontha," anatero akukanda mutu. "Nanga madziwa akudzera kuti?"

Delfina asanayankhe, gu... gu... gu. Lero kunamveka mofooka. A Baltazar, ndi ukulu wawo wonsewo, anadumphira pakhomo chipewa n'kugwa.

"Mwamva? Mtengowu watsala pang'ono kutheratu!" analira Delfina. "Isiyeni igwe, a mesitiri, mungafere nyumba ya eni."

"Ayi, tiizule isanatigwetsere mtanda. Bweretsani pikareta."

Delfina anaifuna piki yokumbirayo pansi pa nkhokwe pomwe imakhala, osaipeza. Anabwera ndi khasu. Zélia anamusiya kwa aneba, iye n'kuima pakhomo, phazi limodzi mkati lina panja, maso ali kudenga. Khasu likagunda pansi, fumbi linkayoyoka pa mtanda. Delfina ankapemphera chamumtima, mawu osawamaliza.

Mmisiriyo sanakumbe nthawi yaitali. A Baltazar anakumbatira nsanamira, kuigwedeza kawiri, ndipo inazuka mosavuta ngati dzino la mwana. Denga linangoti kwee, n'kukhazikika pa tsanya uja. Silinagwe.

Delfina anapuma mpweya waukulu, misozi yachisangalalo ili mbwee. Koma mmisiri sanaseke. Anali atagwada, akuyang'ana pomwe panali nsanamira. Dothi linkagwera mkati lokha, n'kumveka patali kuti chubwi. Dzenjelo linalibe pothera, ndipo linkatulutsa kamphepo kozizira konunkha matope.

Gu... gu... gu. Nsanamira inali gone pambali, chete. Kugogodako kunkachokera pansi pa mapazi awo, chitsulo cha pikareta chikumenya mwala.

Kenako mumdimamo munatuluka mawu osasa, omwe Delfina akanawazindikira pakati pa anthu chikwi.

"Amake Zélia... khomo la mgodi wanga kuchigwembe latsekeka. Madzi andifika m'khosi."