Msomali wa Chitseko cha ku Lamu

Magetsi atazima ku Kasarani, dera la mumzinda kumene ankakhala, madzulo aja, Misozi ananyamuka kukagula kandulo. Yewo, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, anamufunsa ali pakhomo: "Msomali uja ukadali nawo m'thumba? Ndi za eni ake zimenezo, iwe."

Misozi anangoseka. Unali msomali wamkuwa wamutu waukulu, umene anazula pa chitseko cha nyumba ina yabwinja pachilumba cha Lamu, kutali kunyanja yamchere, kumene kalasi yawo ya zomangamanga inakajambula nyumba zakale. Chitsekocho chinali chosemedwa maluwa a Chimwenye ndi malemba a Chiarabu. Eni ake anafa kalekale, angaufune ndani?

Njira ya ku kagolosale ankaidziwa bwino, koma tsikulo inayamba kupanikiza. Mipanda yamalata inatha, ndipo dzanja lake linakhudza khoma lamiyala ya m'nyanja, lonyowa, lonunkha mchere. Phokoso la maminibasi pamsewu wa Thika Road linangoti zii. Kumbuyo kwake kunamveka ziboda za bulu.

Ku Lamu anawaphunzitsa kuti bulu akamabwera m'kanjira kopapatiza, umalowa pakhonde lapafupi kuti adutse. Miyendo yake inachita zomwezo yokha. Anatsamira chitseko china n'kudikira.

Buluyo sanadutse. Anaima pomwepo, kutseka njira.

Chala cha Misozi chinapapasa maluwa a pathabwa mpaka chinalowa m'kabowo kopanda msomali.

Kuseri kwa chitsekocho mayi wina analankhula motsitsa mawu: "Mwaubweretsa, mwanangu? Chichokereni inu, chitsekochi sichikutsekeka."

Thabwa limene Misozi anatsamiralo linayamba kubwerera m'kati.