Bokosi Lomwe Linakuwa

Kodi ndi bokosi la ndani lomwe linakuwa Loweruka lija, mpaka uthenga wa namwino osafika kuchipatala chachikulu? Bryson sankafunika wolosera. Yankho linali m'thumba mwake, m'foni yake, ndipo linkamuotcha ntchafu.

Anakhala pabenchi, pakhonde pa kachipatala ka m'mudzi mwawo, pamodzi ndi anzake oyang'anira mabokosi. Patsogolo pawo Mayi Monalisa, injiniya amene anamanga netiweki ya mudziwo, ankayatsa laputopu.

Mudziwo uli m'khwawa, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene foni sizigwira. N'chifukwa chake anaimika milongoti pa nyumba zingapo, uliwonse ndi kabokosi kake, sola ndi batire. Uthenga umachoka pa bokosi ili kupita pa linzake, monga anthu amapatsirana njerwa pomanga tchalitchi, mpaka kukatulukira kumsewu waukulu.

Tsiku la maphunziro Mayi Monalisa anapereka lamulo limodzi lokha. "Bokosi lililonse lizilankhula motsitsa, ngati munthu pamaliro, longoti limvane ndi loyandikana nalo. Pafoni panu pali pokwezera mphamvu. Musapagwire. Limodzi likakuwa, anzake onse ozungulira samvananso."

Bryson anamva bwino lomwe. Anagwedeza mutu kuposa aliyense. Koma amayi ake amakhala kutsidya kwa mtsinje, kumene bokosi lake silinkafika, ndipo ankalira tsiku ndi tsiku kuti amve mawu a Rosie, mwana wawo wa ku Joni. Lachinayi Bryson anakweza mphamvu mpaka kumapeto. Amayi analankhula ndi Rosie, naseka mpaka kutsokomola. Bryson anati atsitsa mawa.

Mawalo kunagwa chiperoni. Nkhungu inakuta phiri ndi minda ya tiyi, dzuwa osaoneka, ndipo kanyali ka pabokosi lake kanazima. Loweruka m'mawa kutayera, kanayakanso. Bryson anakaona akupita kumunda, nati zotsitsa achita akaweruka.

Masana a tsiku lomwelo Dyna, mkazi wa Wyson, mnzake wa Bryson, matenda a uchembere anamuvuta. Namwino anatumiza uthenga woitana ambulansi. Anatumizanso, natumizanso. Uthenga sunatuluke m'khwawamo. Amuna anamunyamula Dyna pa machira mpaka kumsewu, Bryson atagwira kutsogolo. Dyna anapulumuka. Mwana sanalire.

Tsopano pabenchi paja Wyson anali pambali pa Bryson, phewa ndi phewa, atafumbata foni ya mkazi wake. Bokosi la panyumba pawo, kuseri kwa kachipatalako, woyang'anira wake anali Dyna. Ndiye anapita ku maphunziro aja, mwamuna wake ali kothyola tiyi kuesiteti. Lero Wyson anabwera m'malo mwake.

"Achimwene, phewa lija lapola?" anafunsa Wyson chapansipansi. "Munanyamula ngati ndi mlongo wanu. Sindidzaiwala."

Bryson anasisita phewalo.

"Akuti pali wina anasokoneza mabokosiwa," anapitiriza Wyson. "Ine ndinayesetsa mbali yanga kuti uthenga uyende msanga, wina ali pakona kuononga. Sindimumenya ayi. Ndikungofuna ndimuone nkhope."

Nkhopeyo inali pomwepo, pambali pake. Bryson anakumbukira kabokosi ka maliro a khandalo komwe anakhoma yekha Lamulungu, kakang'ono ngati ka nsapato. Anakumbukiranso kuseka kwa amayi ake pafoni. Kodi kuseka kumeneko kunali koyenera mtengo wotere? Akanatsitsa m'mawa muja asanatenge khasu, bwenzi lero kunyumba kwa Wyson kukumveka kulira kwa khanda.

Mayi Monalisa anakweza maso. "Bokosi lililonse limasunga mbiri yake," anatero. "Likakwezedwa, limalemba tsiku ndi nthawi. Sindinabwere kudzaweruza munthu. Ndabwera kuti zisadzachitikenso."

Anayamba ndi bokosi la kumsewu. Linali bwino. La kusukulu, bwino. La patchalitchi, bwino. Ankatsika nawo mudzi, ndipo lotsatira linali la Bryson.

Bryson anaona kuti kuli bwino adzitchule yekha kusiyana ndi kutchulidwa ndi makina. Ubwenzi woyambira ku ubwana, woba limodzi nanazi ndi kusambira mumtsinje umodzi, unali kutha lero. Anaimirira.

"Mayi, ndili ndi mawu."

"Khalani pansi, a Bryson. Lanu ndaliona," anatero Mayi Monalisa, maso ali pa laputopu. "Munalikweza Lachinayi, ndipo zimenezo tikambirana patokha. Koma batire lanu linatha ndi chiperoni chija, ndipo bokosi likazima n'kudzukanso limabwerera lokha pa mphamvu yochepa. Loweruka bokosi lanu linkangonong'ona."

Bryson anagwera pabenchi. Wyson anamuyang'ana modabwa, kenaka anamugwira bondo.

"Ndiye si inu, achimwene. Mayi, pitirizani. Timumve."

Mayi Monalisa anatsegula mbiri ya bokosi lotsiriza. Anaiwerenga nthawi yaitali. Anayang'ana namwino, nayang'ana foni yomwe inali m'manja mwa Wyson, kenaka anatseka laputopuyo pang'onopang'ono.

Bokosi lomwe linakuwa Loweruka lija linali la kuseri kwa kachipatala. Wyson, amene lamulo lija sankalidziwa, analikweza yekha pafoni ya mkazi wake mpaka kumapeto, Dyna atangoyamba kubuula, kuti uthenga ufike msanga.