Foni ya Nkhanga Itatseka Pakamwa

Padangokhalatu, nyama zitayamba kugula mafoni, zinatsegula gulu lothandizirana foni ikavuta.

Tsiku lina mayi Nkhanga analemba mtima uli m'mwamba: "Abale, foni yanga yatseka pakamwa. Mwana wanga watumiza uthenga wa mawu wonena za mazira ake, koma sindikumva kanthu."

Nungu, katswiri wa gululo, anayankha msangamsanga: "M'kamutu kanuko muli chiyani? Funso ili tinayankha chaka chatha! Kwezani mawu, basi."

Nkhanga anangowerenga za kamutuko, manyazi n'kumugwira, foni n'kuiika pansi.

Atasuzumiranso masana, anapeza Bilimankhwe walemba, chala chimodzichimodzi monga mwa mayendedwe ake: "Pepani mayi, inenso zinandichitikirapo. Kumbali kwa foniyo kuli mabatani awiri. Dinani lapamwambalo katatu, mundiuze."

Nkhanga anadina. Mawu anatuluka mpaka anyani anagwa mumtengo: "Amayi, aswa onse khumi ndi awiri!"

Nkhanga anavina fumbi koboo, n'kuthokoza Bilimankhwe pagulu.

"Iii! Si yankho langa lomwe lija?" anadandaula Nungu.

"Lomwelo ndithu, achimwene," anatero Nkhanga, "koma lanu linabwera ndi minga. Ndikanaligwira pati?"

Kanthano kanga kathera pomwepa.